Kasinja ndi Mkuwa wa Kwathu

Dzina lacilendo ku Ndola

Pafupi ndi mzinda wa Ndola pali kampu ya asilikari yochedwa Tug Argan. Ana ambiri a ku Ndola ndi ku Kitwe amalidziwa dzina limeneli, koma ndi owerengeka okha amene angathe kunena kumene linacokera. Si Cilamba, si Cibemba, ndiponso si Cinyanja. Ndi dzina la mtsinje wouma wa ku Somaliland, dziko la miyala ndi minga limene liri kutali, kumpoto cakum'mawa kwa Africa.

M'mwezi wa August 1940, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati, asilikari a ku Italy analowa m'dziko limenelo, limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Angerezi. Mseu wocokera ku Hargeisa kunka ku doko la Berbera umapyola pa mpata wa mapiri pafupi ndi mtsinje uja. Pa timapiri ta pa mpatawo panaikidwa amuna a kwathu kuno, a gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment. Anzao a ku Nyasaland a King's African Rifles analinso komweko, pamodzi ndi ena a ku India ndi ku Scotland. Adani anali oculuka kwambiri, ndipo anadza ndi mizinga, ndege ndi akasinja. Anthu athu analibe kasinja ndi mmodzi yemwe. Nkhondo inakula kuyambira pa 11 kufikira pa 15 August, ndipo pamene akulu a nkhondo anaona kuti mpatawo sungagwirikenso, analamula kuti onse abwerere ku Berbera, kumene anakwera zombo kunka ku Aden.

Akasinja a ku Italy aja anali aang'ono, pakuti aakulu mwa iwo analemera matani 11 okha. Koma taganizani za munthu amene ali m'dzenje ndi mfuti yace, naona nyumba yacitsulo irikumdzera, zipolopolo zace zirikungonjanja pa iyo monga matalala pa denga la malata. Kodi angaiimitse bwanji? M'phunziro lino tidzaona mapangidwe a kasinja, ndi zimene anacita pa nkhondo, ndipo tidzapeza kuti yankho lina la funso limeneli liri pansi pa mapazi athu, m'migodi ya kwathu kuno.

Ciyambi ca akasinja

Akasinja oyamba analowa m'nkhondo pa 15 September 1916, m'dziko la France, pafupi ndi mtsinje wa Somme. Masiku amenewo asilikari a mbali zonse ziwiri anali kubisala m'ngalande zazitali, kutsogolo kwao atachinga ndi waya waminga, ndipo yense wotulukira poyera anali kulasidwa ndi mfuti zaciwaya. Tsono Angerezi anapanga galimoto yacitsulo yotha kuponda wayayo ndi kuoloka ngalandezo. Kuti Ajeremani asadziwe, anthu anauzidwa kuti zinthuzo ndi matanki osungiramo madzi. Ndi cifukwa cace m'Cingerezi kasinja ndi thanki ya madzi ziri ndi dzina limodzi kufikira lero. Akasinja amenewo sanali kuthamanga kuposa munthu woyenda ndawala.

Pa nkhondo yaciwiri panali akasinja amitundumitundu: opepuka okazonda, apakati, ndi olemera oswa malinga. Nkhondoyo itatha, amisiri anayesa kupanga kasinja mmodzi wotha kugwira nchito zonsezi. Ameneyu ndiye amachedwa kasinja wamkulu wa nkhondo.

Mafuwa atatu

Mai akafuna kuphika nsima amateleka mphika pa mafuwa atatu. Fuwa limodzi likatalika kuposa anzace, mphika umapendekeka ndipo phala limatayika. Kasinja nayenso ali pa mafuwa atatu: loyamba ndi kuyenda, laciwiri ndi citsulo comchinjiriza, lacitatu ndi mzinga. Mmisiri akaonjeza citsulo, kasinja amalemera nalephera kuthamanga. Akaika mzinga waukulu, pamafunika malo aakulu, ndipo kasinja amatalika naonekera patali. Akafuna liwiro ayenera kucepetsa citsulo, ndipo anthu a m'katimo amakhala pangozi. Palibe mmisiri amene anapeza zonse zitatu osataya kanthu.

Kuti timvetse bwino, tiyeni titenge kasinja mmodzi timyang'anitsitse. Dzina lace ndi T-55. Anayamba kupangidwa ku Soviet Union m'caka ca 1958, potsata mkulu wace T-54, ndipo anapangidwanso ku Poland ndi ku Czechoslovakia. A ku China anapanga wao wofanana naye, namucha Type 59. T-54 ndi T-55 pamodzi anapangidwa pafupifupi 100,000, ndipo palibe kasinja wina amene anaculuka cotere. Dziko lathu litalandira ufulu, asilikari a Zambia anapeza akasinja a mitundu iwiriyi, T-55 ndi Type 59. Ku Angola ndi ku Mozambique T-55 anafikanso.

Fuwa loyamba: kuyenda

T-55 amalemera matani 36, ndiko kuti matumba 720 a cimanga a makilogalamu 50. Akanakhala ndi matayala monga lole, akanatitimira pa dambo loyamba. Koma amene anaonapo katapila alikukankha dothi pa mgodi wa Nchanga ku Chingola, kapena pokonza mseu, adziwa kale cinsinsi cace. M'malo mwa matayala, kasinja ali ndi maunyolo awiri aakulu, opangidwa ndi zitsulo zaphanthiphanthi zolumikizana. Amadziyalira yekha mseu kutsogolo, napondapo ndi magudumu ace asanu a mbali iri yonse, naunyamulanso kumbuyo. Cotero kulemera kwace kumamwazikana pa malo aakulu, kotero kuti pa kamalo konga cikhadabo ca cala sipafika kilogalamu imodzi.

Woyendetsa alibe ciongolero conga ca galimoto, koma ndodo ziwiri. Akakoka ya kumanzere, unyolo wa kumanzere umacepa liwiro, wa kumanja nupitirira, ndipo kasinja amakhotera kumanzere, monga momwe bwato limakhotera munthu akamapalasa mbali imodzi.

Injini iri kumbuyo. Imamwa dizilo, iri ndi mphamvu ya akavalo 580, ndipo pa mseu wabwino imayendetsa kasinja makilomita 50 pa ora. Koma ndi cidakwa ca mafuta, pakuti imamwa pafupifupi malita awiri pa kilomita imodzi. Ulendo wocokera ku Ndola kufika ku Kitwe ungathe malita oposa 100. Maunyolo nawonso sacedwa kutha, ndipo amakumba mseu. Ndi cifukwa cace pa ulendo wautali akasinja amanyamulidwa pa sitima kapena pa malole aakulu.

Fuwa laciwiri: citsulo

Citsulo ca pa cifuwa ca T-55 ndi cocindikala mamilimita 100. Koma amisiri sanaciimike ciriri, anacipendeketsa kwambiri. Tengani nzimbe muidule mopingasa, kenaka muidulenso mopendekeka monga msongole: mudzaona kuti kaciwiriko mpeni wayenda njira yaitali kuposa poyamba, ngakhale nzimbe ndi yomweyo. Momwemonso cipolopolo codzera kutsogolo ciyenera kuboola mamilimita 200 m'malo mwa 100, ndipo kawirikawiri cimangoterereka ndi kupita m'mwamba.

Pamwamba pa thupi la kasinja pali mutu wace, wooneka ngati nkhali yobvundikira, ndipo kutsogolo kwace ndi kocindikala pafupifupi mamilimita 200. Koma sikutheka kubveka kasinja yense citsulo cotere, cifukwa sangayende. M'nthiti mwace citsulo ndi cocepa, ndipo pa denga ndi pa mimba ndi copyapyala ndithu. Kumbukirani zimenezi, pakuti tidzabwererako.

Amisiri anamfupikitsanso kuti asaonekere patali. Msinkhu wace ndi mamita 2.4 okha, wosasiyana kwenikweni ndi cipupa ca nyumba.

Fuwa lacitatu: mzinga

Mzinga uli m'mutu muja, ndipo mutuwo umazungulira mbali zonse. Pakamwa pa mzinga ndi potambalala mamilimita 100. Kasinja amanyamula zipolopolo za mzinga 43, ciri conse colemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo alinso ndi mfuti zaciwaya. Kodi munanyamulapo nkhuku ndi kuigwedeza pang'onopang'ono? Thupi limagwedezeka, koma mutu umakhala pamodzimodzi. M'kasinja muli makina ocita cimodzimodzi ndi mzinga, kuti uziloza kumene waloza ngakhale kasinja alikudutsa pa zitunda.

M'kati mumakhala anthu anai: mtsogoleri, woombera, wolonga zipolopolo ndi woyendetsa. Malo ndi opanikiza, otentha ndi aphokoso, ndipo mafuta ndi zipolopolo ziri pambali pao pomwepo. Zitseko zikatsekedwa amaona kunja ndi timagalasi tating'ono cabe, kotero kuti munthu wobisala m'udzu pafupi sangamuone. Cifukwa ca ici kasinja sayenera kuyenda yekha, koma pamodzi ndi asilikari oyenda pansi amene amakhala maso ace. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

T-55 pa nkhondo

Mapangidwe a kasinja amayesedwa pa nkhondo, ndipo pamenepo m'pamene pamaoneka cimene mmisiri anataya. M'mwezi wa October 1973 asilikari a ku Syria anadza ndi akasinja mazanamazana, ambiri a iwo a T-55, kudzamenyana ndi a ku Israel pa mapiri a Golan. A ku Israel anali ndi akasinja owerengeka ochedwa Centurion, opangidwa ku Britain, amene anali aatali ndi olemera. Popeza mutu wa Centurion unali ndi malo okwanira, mzinga wace unali kutha kuweramira pansi kawiri kuposa wa T-55. Cotero iwo anabisala kuseri kwa zitunda, mitu yokha ikuoneka, naombera adani amene anali kukwera kucokera kumunsi. A ku Syria anataya akasinja mazana angapo m'masiku ocepa. Kufupika kuja, kumene kumathandiza pa cigwa, kunakhala tsoka pa phiri.

Nkhondo ina inacitika pafupi ndi kwathu, kum'mwera cakum'mawa kwa Angola, dziko logundana malire ndi Zambia. M'caka ca 1987 asilikari a boma la Angola anacoka ku Cuito Cuanavale ndi akasinja ao a T-54 ndi T-55 kunka ku Mavinga kukathira nkhondo gulu la UNITA, limene linali kuthandizidwa ndi South Africa. Kumeneko ndi kwa mcenga ndi nkhalango yowirira, kotero kuti mzinga wotha kulasa patali unalibe poonera. Pa 3 October, pa mtsinje wa Lomba, gulu lina lalikulu la Angola linaonongeka, ndipo amene analiononga analibe akasinja, koma magalimoto a matayala ochedwa Ratel, a citsulo copyapyala, amene anali kutulukira mwadzidzidzi, kuombera kangapo ndi kuthawa. Koma m'mwezi wa March 1988 zinthu zinatembenuka. A ku South Africa anadza ndi akasinja ao olemera ochedwa Olifant kuti athamangitse adani pafupi ndi Cuito Cuanavale, naponda mabomba okwirira pansi, maunyolo naduka. Akasinja atatu anasiyidwa pomwepo, ndipo mzindawo sunalandidwe. Kasinja wothyoka mwendo ali ngati njobvu yogwa m'mbuna.

Kumene mkuwa umalowera

Tsopano tibwerere ku funso lathu lija. Pamene amuna ena anali pa timapiri ta Tug Argan, abale ao anali pansi pa nthaka ku Nkana, ku Mufulira, ku Luanshya ndi ku Nchanga, alikukumba mkuwa umene unali kutumizidwa ku Britain cifukwa ca nkhondo yomweyo. Mkuwa umafunika popanga mawaya a magetsi ndi makoko a zipolopolo. Koma pa nkhondo imeneyo anthu anapezanso njira yatsopano yoboolera citsulo, imene pambuyo pace inadzadalira mkuwa koposa.

Kale, kuti uboole citsulo cocindikala unayenera kukhala ndi mzinga waukulu woponya cipolopolo colemera mwamphamvu. Njira yatsopanoyi ndi yina. Ku mutu kwa bomba amaikako kambale ka mkuwa kooneka ngati fanelo yothirira palafini, ndipo kuseri kwace kumakhala wonga. Bomba likagunda kasinja, wonga umaphulika nufinya kambaleko mbali zonse nthawi imodzi, ndipo mkuwawo umatuluka ngati mubvi woonda, wothamanga pafupifupi makilomita 8 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere mungacoke ku Ndola ndi kufika ku Kitwe musanawerenge mpaka khumi. Mubviwo susungunula citsulo ai, koma umacikankhira kumbali, monga momwe madzi a m'paipi amaboolera dothi la pa culu.

Nanga n'cifukwa ninji amasankha mkuwa? Cifukwa ndi wolemera, ndiponso umatha kutanuka kwambiri osaduka. Khalidwe lomweli ndilo limacititsa kuti ku Luanshya azitha kuukoka ndi kupanga mawaya aatali a magetsi.

Bomba lotere silifuna mzinga, pakuti mphamvu yace iri m'kati mwace momwe. Munthu mmodzi angathe kuliponya ndi cida conyamula pa phewa. Codziwika kwambiri ndi RPG-7, cimene cinatuluka ku Soviet Union m'caka ca 1961, ndipo cimaboola citsulo coposa mamilimita 250. Pa nkhondo ija ya 1973, ku mbali ya ngalande ya Suez, asilikari oyenda pansi a ku Egypt anaononga akasinja ambiri a ku Israel ndi zida za mtundu umenewu, cifukwa akasinjawo anathamangira kutsogolo okha opanda anzao oyenda pansi. Cida cimene amuna a pa Tug Argan anacisowa cinali citapezeka.

Akasinja a masiku ano

Amisiri a akasinja sanagone. Anayamba kusanjikiza citsulo ndi zinthu zina, monga dothi loocha lolimba kwambiri, kuti mubvi wa mkuwa uja uzimwazika usanalowe m'kati. Enanso anamata timabokosi ta wonga kunja kwa kasinja. Bomba likagunda, kabokosi kamaphulikira kunja nikadula mubviwo. Akasinja otere ndi Leopard 2 wa ku Germany, amene anayamba nchito mu 1979, ndi M1 Abrams wa ku America, wa mu 1980. Mitundu yao ya tsopano iri ndi mizinga ya mamilimita 120 ndi injini za mphamvu ya akavalo 1,500. Ali ndi makompyuta owerengera kutalika kwa mtunda ndi mphepo, ndiponso magalasi oona kutentha kwa injini kapena kwa thupi la munthu mu mdima. Pa nkhondo ya ku Iraq mu 1991, akasinja a Abrams anali kulasa a T-55 ndi T-72 pa mtunda woposa makilomita awiri, usiku kapena m'fumbi, eni ace asanaone n'komwe mdani.

Koma mphika unapendekekanso. Akasinja amenewa amalemera matani oposa 60, kotero kuti milatho yambiri singawanyamule, amamwa mafuta koopsya, ndipo mtengo wao ndi waukulu. Ndiponso denga lija likali lopyapyala. Pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine, imene inakula mu February 2022, asilikari anayamba kumangirira mabomba a kambale ka mkuwa ku tindege tating'ono topanda munthu, tochedwa drone, ndi kutiongolera pa denga la kasinja. Akasinja a T-72, Leopard 2 ndi Abrams omwe anapsya ndi tindege timeneti, tamtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi iwo. Pofuna kudziteteza, asilikari anayamba kuocherera zitsulo ndi mawaya pamwamba pa akasinja, naoneka ngati makola a nkhuku oyenda. Mu 2023 a ku Russia anatulutsanso akasinja akale a T-55 m'nkhokwe zao nawatumiza ku nkhondoko, patapita zaka 65 ciyambire kupangidwa kwao.

Zotsala nkhondo ikatha

Nkhondo ya ku Angola inatha mu 2002. Akasinja adzimbiri anatsala m'thengo la ku Cuito Cuanavale, ndipo mabomba okwirira pansi anatsala m'minda, napitiriza kupha ndi kupundula alimi ndi ana zaka zambiri pambuyo pace. Anthu zikwizikwi anathawira kuno ku Zambia, ndipo ambiri analandiridwa ku Meheba, kupitirira Solwezi, malo amene anatsegulidwa mu 1971.

Inu amene mumakhala m'mizinda ya migodi mumadziwa kuti citsulo cakale ndi mkuwa ziri ndi malonda. Cenjerani tsono. Mukapeza cinthu conga cipolopolo cacikulu kapena bomba, ngakhale ciri ndi dzimbiri lotani, musacikhudze, musacimenye ndi mwala, ndiponso musaciponye pa moto. Cokanipo, ndipo mukauze aphunzitsi kapena apolisi. Wonga sukalamba msanga monga citsulo cimene caukuta.

Ndipo tsiku lina mukadzamva dzina la Tug Argan, mudzakumbukire amuna aja amene anakhala masiku asanu pa timapiri ta dziko la eni, alikuyang'anizana ndi akasinja, iwo alibe ndi mmodzi yemwe.

Mafunso

1. Kodi dzina la Tug Argan linacokera kuti, ndipo kunacitika ciani kumeneko mu 1940?
2. Chulani mafuwa atatu a kasinja. Cimacitika n'ciani mmisiri akaonjeza citsulo?
3. Fotokozani cifukwa cace kasinja wa matani 36 satitimira pamene lole ingatitimire.
4. Kodi kufupika kwa T-55 kunamthandiza bwanji, ndipo kunambvuta bwanji pa mapiri a Golan?
5. N'cifukwa ninji mkuwa umasankhidwa popanga bomba loboola citsulo?
6. Muyenera kucita ciani mukapeza bomba lakale?

Zocita

1. Pezani pa mapu malo awa: Ndola, Berbera, Aden, Cuito Cuanavale, Solwezi.
2. Dulani nzimbe kapena phesi la cimanga mopingasa ndi mopendekeka, ndipo muyese ndi rula kutalika kwa podulidwa ponse pawiri.
3. Ngati kasinja amamwa malita awiri pa kilomita imodzi, kodi akasinja 10 adzafuna malita angati pa ulendo wa makilomita 60?